Chimfine cha ku Benoni

Benoni, 16 Epulo 2006

Okondedwa amake Tiwale,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli amoyo, inu ndi mwana wathu Tiwale, pamodzi ndi onse apaploti ku Chinsapo kumeneko. Kunena ine kuno ndili bwino, Ambuye akundisunga.

Nkhani yabwino ndi yakuti maganyu a apa ndi apo aja ndasiyana nawo. Ndapeza ntchito yokhazikika kwa mmwenye wina, dzina lawo a Moodley. Ndimasamala maluwa ndi kapinga, ndipo andipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba, kamagetsi ndi madzi omwe. Muwauzeko amayi a Chigwirizano kuti mapemphero awo afika.

Koma ntchito yeniyeni imene anandilembera si ya maluwa ayi, ndipo mukaimva musaseke. A Moodley ndi bambo wachikulire, imvi mutu wonse, ndipo saona. Maso anawathera ndi matenda a shuga. Akadali openya anali katswiri wothamanga, mamendulo ali mbwee pakhoma. Tsono dokotala anawauza kuti akangokhala pansi shugayo awamaliza. Nanga munthu wosaona athamanga bwanji yekha mumsewu wa magalimoto? Ndiye m'mawa uliwonse amatenga kachingwe, mbali ina amakoleka kudzanja lawo lamanzere, mbali ina kudzanja langa lamanja, n'kumathamanga limodzi. Ine ndiye maso awo. Ndimanena kuti apa pali dzenje, apa tikukhota, apa kwezani mwendo, galu akuuwayo ali mumpanda musaope.

Tangoganizani, ine mwamuna wanu, bambo wa mwana, kuthamanga mumsewu popanda chondithamangitsa! Kwathuko munthu wamkulu atathamanga chonchi pamsika wa Chinsapo, anthu atola miyala n'kukuwa kuti wakuba. Tsiku loyamba ndinkangocheukacheuka. Koma kuno azungu, amwenye, ngakhale akuda anzathu amadzukira zimenezi basi. Miyendo ija ndinkapalasira njinga ya nkhuni kuchokera ku Njewa ndi imene ikundidyetsa lero. Chinanso ndaona n'chakuti apolisi akaona munthu wamangiriridwa kwa bwana wosaona amangokweza dzanja n'kudutsa. Chifukwa chimene ndikunenera zimenezi tidzakamba pamaso.

Vuto ndi limodzi, laling'ono. Tikangothamanga pang'ono mphuno zanga zimayamba kuchucha, madzi enieni oyera. Tikafika kunyumba n'kusamba zimasiya zokha. Kaya ndi mphepo ya kuno, kaya.

Kalatayi ndapatsira Kenny wa ku Biwi uja, amene amanyamula katundu wa anthu pagalimoto yake. Akupatsaninso bulangete, nsapato za Tiwale ndi kaenvulopu. Chimanga chikatsika mtengo mugule chokwanira ndipo muthire mankhwala. Zotsalazo muyambe kugula malata, limodzilimodzi, muzisungitsa kwa amalume anu a Gwanda poti kwawo kuli mpanda. Ndatopa n'kukhala pa lendi.

Ndine mwamuna wanu,
Stephano

Benoni, 21 Meyi 2006

Okondedwa amake Tiwale,

Moni wa chikondi kwa inu ndi mwana. Kalata yanu yafika, mtedza ndi usipa womwe, zikomo kwambiri. Ndakondwa kumva kuti malungo a Tiwale anatha. Ine ndikudzuka bwino.

Ndinati musaseke koma mwaseka ndithu. Mukufunsa kuti pachingwepo mbuzi ndi iti, mwini mbuzi ndi uti. Sekani, mai, ndalama yake tidyera limodzi.

Kuno kwayamba kuzizira. Kwa ku Dedza kuja timati n'kuzizira n'kwamasewera. M'mawa kapinga amayera mbuu ngati wina wawaza ufa, ndipo mphuno zanga zija zafika poipa. Imvani manyazi amene ndinachita sabata yatha.

Dzanja lamanja lili pachingwe, lamanzere lanyamula botolo la madzi a bwana. Kampango kali m'thumba, koma ndikatulutsa ndi chiyani? Masiku onsewa ndimangokokera m'kati njira yonse. A Moodley saona, koma makutu awo, abale! Anandifunsa pachizungu kuti kodi akuthamanga ndi munthu kapena ndi ketulo. Ndiye tsiku limenelo ndinati basi, ndichita zachikwathu. Ndinapanira botolo m'khwapa, chala pamphuno, n'kumina. Ndinaminira kumanzere, kumsewu, mwaulemu wake ndithu. Osadziwa kuti mphepo ikuchokera komweko. Zonse zinakatera pamwendo pa bwana.

Amake Tiwale, ndinasowa kolowera. Mumtima ndinati ntchito yatha lero, ndikubwerera kunjinga ya nkhuni. Bwana anaima, kugwira pamwendo, n'kufunsa ngati kwayamba kugwa mvula. Ndikanati inde akanadziwa bwanji? Koma kunamiza munthu wosaona amene wakupatsa dzanja lake ndi tchimo la mtundu wina. Ndinaulula. Anaseka bamboyu mpaka kugwira m'mawondo, ine chingwe chikundikokera pansi. Akuti othamanga onse amamina chomwecho, palibe amaima kufuna kampango, cholakwa changa n'chakuti sindinafunse kaye mphepo. Tsopano tagwirizana. Ndikafuna kumina ndimakuwa kuti “mvula!” iwo n'kutsalira kumbuyo pang'ono. Ndi liwu loyamba la Chichewa limene aphunzira.

Adona, akazi awo, sanaseke kwenikweni. Anandipatsa timapepala tofewa topukutira, koma tikakumana ndi thukuta m'thumba timasanduka phala. Amene wandithandiza ndi bwana yemweyo. Anatenga sokosi yakale, kuidula kuphazi, n'kundiveka pamkono wamanzere ngati chibangili. Ndimangopukutira pamenepo ndili chithamangire, ndikafika n'kuchapa. Pamphuno ndimapaka vaselini tisananyamuke kuti pasasupuke, ngakhale pasupuka kale. Walira mvula walira matope. Ndinapempha ntchito, yabwera ndi mamina ake, ndilandira zonse n'kuthokoza.

Tiwale mumugulire juzi yapakaunjika kusanazizire kwambiri, ndipo asamapite kukasewera kumtsinje ndi ana a eni nyumba. Mwachita bwino kuyamba malata aja. Buledi kuno n'ngwotchipa, koma ufa wake ndi wosakoma, suli ngati wanu.

Ndine wanu,
Stephano

Benoni, 25 Juni 2006

Okondedwa amake Tiwale,

Ndifune kudziwa za moyo wanu ndi wa mwana. Ine kuno ndili ndi mphamvu, komanso ndili ndi nkhani.

Loweruka lapitali tinathamanga mpikisano weniweni, makilomita makumi awiri ndi imodzi. Anthu ngati nyerere, msewu wonse kutsekedwa, apolisi omwe kumatiombera m'manja. Ine, apolisi kundiombera m'manja! Sitinali oyamba, koma sitinalinso otsiriza. Pomaliza anatikoleka mendulo aliyense. Bwana anandikumbatira n'kulira. Akuti chisiyireni kuona sanaganizepo kuti adzamvanso phokoso la anthu pomalizira mpikisano. Inenso misozi inalengeza, koma poti kumaso kunali konyowa kale ndi zina zija palibe anazindikira.

Ndaikamo chithunzi chimene adona anatijambula titangomaliza. Anandifunditsa bulangete chifukwa ndinkanjenjemera ndi mphepo. Milomo yang'ambika, mphuno yafiira ngati tomato, koma inu muyang'ane mendulo pakhosipo. Muonetse a Gwanda ndi onse apaploti, adziwe kuti Stephano sakugona ku Joni. Muonanso kuti kamimba kaja kanapita. Lamba ndachita kuboola mabowo atsopano ndi msomali. Kuno amati thupi lotere ndiye labwino, lopepuka.

Za mphuno, ndayesa zambiri. Mlonda wina wachikulire wa ku Mozambiki anandipatsa fodya wamphuno kuti akuti amaumitsa. Mayo ine! Ndinayetsemula kuchokera pageti mpaka kubwerera pageti, bwana n'kumangoti kodi lero ndi mvula yamatalala. Ndinamubwezera mwini wake. Tsopano madzulo ndikaweruka ndimafukiza masamba a bulugamu monga mumandichitira kwathu, n'kumwa madzi a ndimu ndi adyo. Zimathandiza pang'ono, koma m'mawa tikangofika pachitunda choyamba mpopi watseguka.

Kenny atabwera kudzatenga katundu anandipeza ndadzifunditsa bulangete pandowa ya bulugamuyo. Nditavundukuka, thukuta kamukamu, maso ofiira, anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka anati, “Achimwene, chimfine chimenechi chinayamba liti?” Ndinati mu Epulo. Anapukusa mutu. Tiyi amene ndinamuthirira anamusiya m'kapu osalawa n'komwe. Kaya anali pachangu.

Anzathu awiri a ku Mgona amene tinakwera nawo basi pobwera kuno sindikuwaonanso kutchalitchi. Akuti anakwezedwa galimoto ya mawindo a waya. Akwawo musawauze kaye, mwina atulukira okha kumeneko. Muzindipempherera.

Kenny akupatsani poto wamkulu ndi kaenvulopu. Eni nyumba muwalipire kaye, kenaka malata.

Mwamuna wanu,
Stephano

Benoni, 23 Julayi 2006

Amake Tiwale,

Ndikukupatsani moni, ndipo ndikhulupirira muli bwino ndi mwana. Za moyo wanga ndiyankha m'munsimu poti ndiye nkhani yake.

Kalata yanu ndaiwerenga mobwerezabwereza mpaka pepala lafewa. Mwalemba kuti, “Ngati mukudwala ndiuzeni zoona, ndine mkazi wanu, ndisamvere kwa anthu.” Mwati chithunzi chija chayenda paploti ponse mpaka kumpopi, ndipo palibe amene waona mendulo, onse aona masaya olowa ndi bulangete. Mwati Kenny akuuza anthu ku Biwi kuti anandipeza ndili gone, chimfine cha miyezi, thupi latha. Mwati a Gwanda anatchula kaliwondewonde inu muli pomwepo, ndipo amayi anu ku Lizulu atumiza mawu kuti mutenge mwana mubwerere kumudzi zisanafike poipa.

Ndakwiya, sindibisa. Kenny ameneyo ndi dokotala wa kuti? Anandiyeza ndi chiyani, maso? Munthu ndimamupatsa katundu wanga n'kumulipira, iye n'kunyamulanso bodza laulere kukatula kwathu. Kalata ino sindinamupatsire, yadzera kupositi.

Tsono imvani, ndipo mumve bwino. Sindikudwala. Sinditsokomola. Sindituluka thukuta pogona. M'mimba muli bwino. Ndimadya kuposa mmene ndinkadyera kwathu, funsani adona amene amadandaula ndi buledi wawo. Mphuno zimachucha pothamanga pokha, ndikakhala pansi zauma. Kuonda n'kwa ntchito. Munthu wodwala matenda amenewo angathamange kuchokera ku Chinsapo kukafika ku Kanengo, akukokanso mnzake pachingwe? Afunseni a Gwanda ngati iwo ndi mimba yawo ija angafike ngakhale pa Likuni. Ndipo za akazi, Mulungu ndi mboni, chichokereni kwathu sindinayang'ane kumbali. Kachipinda kanga kayang'anizana ndi khitchini ya adona, ngakhale mphaka salowa osaoneka.

Ndalemba zimenezo, ndapita kukathirira maluwa, mtima watsikako. Ndikudziwa chimene mukuopa, mai. Tonse tinaona mmene achimwene anu a Ezekiel anabwerera kuchokera kuno, titachita kuwanyamula pa depoti. Ndikukumbukiranso kuti makalata awo onse ankati ndi kachimfine chabe, n'kusintha kwa mphepo. Mawu omwewo ndi amene ndakhala ndikukulemberani ine. Ndiye ndilembe chiyani kuti mukhulupirire? Chilichonse ndinganene, iwonso ananena.

Chonde musapite ku Lizulu. Lamlungu likubwerali mukaweruka kutchalitchi mupite pa foni ya mayi uja wa pafupi ndi chigayo. Ndidzaimba, mudzamve nokha mawu anga ngati ndi a munthu wodwala.

Ndine yemwe uja munamudziwa,
Stephano

Benoni, 20 Ogasiti 2006

Amake Tiwale, mkazi wanga,

Moni. Sindikudziwa ngati muli bwino chifukwa palibe akundiuza. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ndinaimba Lamlungu lija. Mayi wa foni anati simunabwere. Ndinaimbanso Lamlungu linalo, ndi linalo. Komaliza anandimvera chisoni n'kundiuza zimene akudziwa. Akuti malata onse munakawatenga kwa a Gwanda n'kuwagulitsa. Akuti Tiwale munapita naye ku Lizulu ndi zovala zake zonse. Akuti pakhomo pamakhala loko, ndipo inu mumangooneka mwa apo ndi apo, m'mawa mwalawira m'tauni, osauza munthu kumene mukupita. Atatha anandifunsa kuti, “Nanga inuyo mukupezako bwanji, bambo?” ndi mawu aja timalankhulira kuchipatala.

Ndiye mwandisiya, eti? Zaka zonsezi, zimene tinadutsamo nthawi ya njala ija tikudya gaga, zithere pa mamina? Sindikukudzudzulani. Munasamala a Ezekiel mpaka tsiku lomaliza, mukudziwa ntchito yake, ndipo muli ndi mwana woti mumuganizire. Koma mukanandiuza ndi pakamwa panu. Malata ndi zinthu, sindikuwalira. Ndikulira inu.

Mawu a anthu ndi oipa, amake Tiwale. Tsopano ine ndemwe ndikapukuta mphuno ndimayang'ana sokosi ija ngati muli magazi. Ndikamasamba ndimadziwerenga nthiti. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi anthu onsewa angalakwe, wolondola n'kukhala ine ndekha?

Lachinayi maganizo anandichulukira tili mumsewu, ndinaiwala kunena za dzenje. Bwana anagwa, bondo kusupuka, magazi chuchuchu. Chiyambire sizinachitikepo. Ndinawadzutsa n'kupepesa. Iwo sanakalipe. Anakhala m'mphepete mwa msewu n'kunena kuti sabata zingapo tsopano chingwe chikuwauza kuti mnzawo palibepo, ndiye ndinene chavuta. Ndinawauza zonse. Atamva anati mankhwala a mphekesera ndi kukayezetsa, palibe ena. Ndinati kuchipatala ndimaopa, angandifunse mapepala, ndipo anga mukudziwa mmene alili. Anati kumene andiperekeze safunsa zimenezo, ndipo tipita limodzi pachingwe chomwechi, tsiku limenelo wotsogolera adzakhala iwo.

Tipita sabata yamawa. Chimene akandiuze ndidzakulemberani monga chilili, chabwino kaya choipa. Zimenezo ndikulonjeza. Kalatayi ndatumiza ku Chinsapo, mwina eni nyumba akupatsani mukatulukira.

Ine,
Stephano

Benoni, 3 Seputembala 2006

Amake Tiwale,

Moni kwa inu, kwa Tiwale, kwa amayi ndi onse ku Lizulu. Ino ndatumiza kumudzi kudzera kusukulu, poti ya ku Chinsapo simunayankhe.

Ndapita. Anatenga magazi, anayeza makhololo, anajambula chifuwa. Podikira zotsatira tinakhala pabenchi. Bwana anagwira dzanja langa osalisiya.

Ndilibe kachilombo. Chifuwa chachikulu ndilibenso. Namwino anachita kundiuza kawiri poti koyamba ndinangomuyang'ana.

Za mphuno anaseka. Akuti si chimfine n'komwe. Mpweya wa kuno nyengo yozizira ndi wouma, ndiye munthu akamathamanga amaukoka wambiri, mphuno n'kumatulutsa madzi kuti ziufewetse usanafike m'chifuwa. Akuti zimachitikira ambiri, kungoti zanga n'zakhama pantchito. Wandiuza kuti poyamba kuthamanga ndizitseka pakamwa ndi mphuno ndi kansalu mpaka thupi litenthe, ndipo ndizitsuka m'mphuno ndi madzi a mchere pang'ono. Akuti kukafunda zichepa zokha.

Potuluka ndinagwada pakapinga wa chipatala n'kuthokoza Mulungu anthu akuona. Koma nditadzuka ndinasowa womuuza. Chimwemwe chopanda womuuza chimawawa.

Bwererani kunyumba, mai. Sindifunsa za malata, sindifunsa za chilichonse. Mukafuna kuti ndisiye ntchito ino ndibwere mudzandione ndi maso, nenani liwu limodzi, ndikwera basi.

Mwamuna wanu,
Stephano

Benoni, 15 Okutobala 2006

Okondedwa amake Tiwale,

Mayi wa foni wandiuza kuti munafika bwino ku Chinsapo ndipo Tiwale mwakamutenga. Ambuye alemekezeke amene anakusungani m'njira yonse ya ku Zimbabwe ndi ku Tete. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno simufunika kundikhulupirira, munadzionera nokha.

Kalata imene ndinatumiza ku Lizulu mwina mwaipeza tsopano. Inapambana nanu panjira. Pamene ine ndinkalemba kuti bwererani kunyumba, inu n'kuti mukumanga chikwama choti mubwere kuno. Muiwerenge n'kuseka, kenaka musonkhere moto.

Masabata amene munakhala kuno pakamwa panga panali polemera, zambiri sindinanene. Ndiloleni ndizinene papepala.

M'mawa uja tinkakwera chitunda chomaliza, ine ndikuwerengera bwana maenje monga mwa masiku onse. Nditakweza maso ndinaona mzimayi wakhala pachikwama pageti pathu, wadzikulunga chitenje, mpango kumutu, akunjenjemera ndi mphepo. Ndinadziwa kakhalidwe kake ndisanaone nkhope. Ndinaiwala kuti dzanja langa lili ndi mwini. Mpaka lero bwana amati chibadwire sanathamangepo liwiro limene anathamanga pachitunda chimenecho, ndipo sanafunsidwe n'komwe.

Munaimirira. Munandiyang'ana miyendo, chifuwa, khosi, nkhope, ngati mukugula mbuzi pamsika. Ine wefuwefu. Masiku awiri m'basi, miyezi yonse ija osaonana, mawu anu oyamba anali akuti, “Abambo a Tiwale, tapukutani mamina.” Kenaka munakhalanso pachikwama chija n'kulira mpaka adona anatuluka ndi tiyi.

Ine ndinkati mwandisiya. Ndinadandaula kwa bwana, ndinadandaula kwa Mulungu, kuti mkazi wanga wathawa matenda. Osadziwa kuti malata munagulitsa kuti mupeze pasipoti ndi ya basi, ndi ina yoti pobwerera mugule mipando iwiri wodwala adzagone. Osadziwa kuti kulawira m'tauni kuja munkathamangira mapepala a ulendo. Osadziwa kuti Tiwale munamusiya kwa amayi kuti manja anu onse awiri akhale a ine. Amayi anakuletsani, a Gwanda anakuletsani, inu amene simunadutsepo ngakhale pa Mwanza munanyamuka nokha ndi keyala ya pa envulopu. Nditafunsa chifukwa chimene simunabwerere pa foni munati ndikanakunyengererani kuti musabwere, monga a Ezekiel anachitira ndi akazi awo mpaka nthawi inatha. Munanena zoona, ndikanatero.

Ndikuthokozanso kuti mawu anga okha simunakhutire nawo. Munandikokera kuchipatala kachiwiri kuti andiyeze inu mukuona, nanunso n'kupereka mkono wanu. Tsiku limenelo ndinang'ung'udza, koma munachita bwino. Tsopano palibe chotsalira pakati pathu. A Gwanda muwauze mwaulemu. Kenny musalimbane naye, ndakhululuka, nayenso anaika abale ake ambiri ndipo maso ake anazolowera kuona chinthu chimodzi. Katundu wa mwezi uno ndamupatsira yemweyo, ndipo ulendo uno tiyi anamwa.

Kuno kwafunda, mphuno zachepa monga ananenera namwino. Bwana akupereka moni, akuti futali wanu uja dokotala asamve. Ufa wa phala la soya umene munabweretsera wodwala ndikumwa ndine wamoyo, ndipo ukukoma. Beseni ndikuchapiramo masokosi. Magolovesi ndi nsalu zoyalira zija ndapereka kwa amayi a kutchalitchi kuno amene amayendera odwala, kuli anzathu amene akuzifunadi. Malata tiyambiranso, limodzilimodzi.

Chatsala chinthu chimodzi. Dzana posesa ndinakweza matiresi, ndipo pansi pake ndinapeza jumbo yomanga bwino. M'katimo munali jekete yanga yakuda ya paukwati wathu, yochapa, yosita, ndi tayi yake m'thumba. Simunaitulutse pamene munkandionetsa za m'chikwama, ndipo simunaitchule masabata onse aja. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali ili pamiyendo. Wodwala savala jekete m'basi, amake Tiwale. Ndadziwa chimene munaitengera. Munaopa kuti mwina mupeza zatha kale, ndipo simunafune kuti mwamuna wanu apite atavekedwa za eni. Munayenda nayo ulendo wonse uja pamiyendo panu, nokha, osauza munthu.

Lero ndaivala. Ikukhwepa m'mapewa, ndipo anzanga andiseka kuti ndabwereka. Ndapita nayo kutchalitchi wapansi, ndi miyendo yanga, ndipo ndabwerera nayo ndekha.

Zikomo, mkazi wanga.

Ndine wanu,
Stephano